Asiyeni aziimba ku Warsaw

Mkulu wina wa kumpingo kwathu, munthu wokonda kuwerenga ndithu, wandikhumudwitsa sabata ino. Mwana wake amene amagwira ntchito ku Ulaya anamutumizira zithunzi za ku myuziyamu ya mbiri ya Ayuda mumzinda wa Warsaw, ku Poland. Pa zithunzipo panali ana akusewera, anthu akuphunzira kuphika, ndi holo yodzaza ndi omvera nyimbo. Mkuluyo anapukusa mutu nati: "Kuphika ndi kuimba pamalo pamene panafera anthu? Azunguwa ulemu unawathera." Ena amene analipo anavomera. Ine mtima unakana, ndipo ukukanabe.

Malowo ndi olemera, zimenezo sindikutsutsa. Myuziyamuyo, yotchedwa POLIN, inamangidwa m'dera la Muranów, pamene asilikali a Hitler anatsekera Ayuda oposa 400,000 mumpanda kuyambira mu 1940. M'chilimwe cha 1942 ambiri a iwo anakwezedwa sitima n'kukaphedwa ku Treblinka. Otsalawo anadzuka n'kumenyana ndi adaniwo pa 19 Epulo 1943, ali ndi timfuti tochepa, akudziwa kuti sapambana. Khomo la myuziyamu linayang'anizana ndi chipilala chowakumbukira, chija anagwada patsogolo pake mtsogoleri wa West Germany, Willy Brandt, mu 1970. Nkhondo isanayambe, ku Poland kunali Ayuda oposa 3 miliyoni. Pa khumi alionse, pafupifupi asanu ndi anayi anaphedwa.

Koma tonse tapitapo pamaliro. Akaimirira wa kubanja kuti awerenge mbiri ya malemu, amayambira pati? Amatiuza kumene anabadwira, sukulu imene anaphunzira, ntchito imene anagwira, banja limene anamanga, ana ndi zidzukulu zimene wasiya. Za matenda zimabwera kumapeto, mwachidule. Atati aimirire n'kumangofotokoza mmene malemu anavutikira m'chipatala n'kukhala pansi, anamfedwa angamve kuti mbale wawo wanyozedwa. Amene anakonza POLIN ankadziwa zimenezi. Chiwonetsero chake chachikulu, chimene chinatsegulidwa mu Okutobala 2014, chili ndi zigawo zisanu ndi zitatu zofotokoza zaka chikwi. Chigawo cha kuphedwa kwa Ayuda ndi chimodzi mwa izo, ndipo mlendo amachifika atadziwa kale kuti ophedwawo anali ndani.

Ambiri a ife timawadziwa Ayuda malo awiri basi: m'Baibulo ndi m'manja mwa Hitler. Pakati ponsepo ndi mdima. M'zipinda za myuziyamuyi mumakumana ndi Ibrahim ibn Yaqub, wamalonda Wachiyuda wochokera ku Spain, amene cha m'ma 960 analemba za dziko la mfumu Mieszko. Mumaona ndalama zachitsulo za m'zaka za m'ma 1100, za mfumu ya Chikhristu koma zolembedwa zilembo za Chiheberi, chifukwa osula ndalamazo anali Ayuda. Mumamva za lamulo la ku Kalisz la mu 1264, limene linawapatsa ufulu wochita malonda ndi kuteteza masunagoge ndi manda awo. Mukafika zaka za pakati pa nkhondo ziwiri, mumayenda mumsewu womangidwa ngati wa nthawi imeneyo, mukuona nyuzipepala za Chiyidishi, mafilimu, ndi zipani za ndale zimene zinkakangana mosalekeza. Mumzinda womwewu wa Warsaw ndi momwe dokotala wa maso, Ludwik Zamenhof, anatulutsira chinenero cha Esperanto mu 1887, ndipo ndi momwe anakulira Isaac Bashevis Singer, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1978 chifukwa cha nkhani zolembedwa m'Chiyidishi.

Chimene chimandigwira mtima kuposa zonse ndi denga. Kale ku Poland ndi maiko oyandikana nawo kunali masunagoge a matabwa, ena a iwo opakidwa mkati zithunzi za nyama, mbalame, maluwa ndi mawu a mapemphero kuyambira pakhoma mpaka kumwamba. Nkhondo inawatentha. Imodzi inali ya m'tauni ya Gwoździec, imene lero ili ku Ukraine, yomangidwa m'zaka za m'ma 1600. Inatsala m'zithunzi zakale ndi m'zojambula za akatswiri basi. Mu 2011 ndi 2012 gulu la Handshouse Studio la ku America linasonkhanitsa amisiri ndi ophunzira mazana angapo ochokera m'maiko osiyanasiyana, Ayuda ndi osakhala Ayuda. Anasema mitengo ndi nkhwangwa monga ankachitira akale, nasakaniza utoto m'njira yakale, napaka thabwa lililonse pamanja. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo ku Poland mwambiwu unachitika maso akuona. Lero denga limenelo lapachikidwa pakati pa myuziyamu, lowala mofiira, mwachikasu ndi mobiriwira. Mwana amene wagwirako burashi pa ntchito ngati imeneyo, mungamuuzenso kuti Myuda si munthu? Mutu umodzi susenza denga, ndipo mbiri ya anthu ophedwa singasenzedwe ndi ochepa amene anapulumuka okha.

Tibwere ku kuphika ndi kuimba kumene kunakwiyitsa mkulu uja. Mu 2022 myuziyamuyi inachita chiwonetsero chonse cha zakudya za Ayuda: malamulo a zoyenera kudya ndi zosayenera, mkate wa Sabata, zakudya za Pasaka, ndi mmene maphikidwe ankasinthira anthu akasamukira dziko lina. Ili ndi holo ya nyimbo ndi mafilimu. Ili ndi malo a ana otchedwa dzina la Mfumu Matt, mwana wa m'buku la Janusz Korczak. Korczak anali dokotala wosamalira ana amasiye mumpanda uja. Mu Julaye 1942, njala ndi matenda zili pakhomo, masiku ochepa sitima za ku Treblinka zisanayambe, iye anakonza kuti ana ake achite sewero la Rabindranath Tagore wa ku India, naitana alendo kudzaonera. Kumayambiriro kwa Ogasiti anapita nawo anawo, pafupifupi 200, ku imfa. Mumpanda momwemo munali gulu la oimba limene linkachita makonsati. Wolemba mbiri Emanuel Ringelblum ndi anzake, posonkhanitsa umboni umene anaukwirira pansi m'mabokosi achitsulo ndi m'zitini za mkaka, sanasunge malipoti a imfa okha. Anaikamonso zojambula, zolemba za ana a sukulu, matikiti, ngakhale zikalata zoitanira anthu ku zisudzo. Zina zinafukulidwa mu 1946, zina mu 1950. Ngati eni ake ankaimba lupanga lili pakhosi, ife ndife yani kuti tiletse nyimbo pamalo pawo m'dzina la ulemu?

Nkhaniyi imandiwawa chifukwa ifenso timachitidwa zomwezo. Dziko la kunja likatikumbukira, limakumbukira ukapolo, njala ndi namondwe. Choipa n'chakuti ifenso tinazolowera. Funsani mwana wa sukulu za mbiri yathu, ayambira pa Livingstone kufika kunyanja mu 1859, ngati kuti dzuwa linayamba kutuluka tsiku limenelo. Za ufumu wa Maravi ndi a Kalonga, za ng'anjo zosungunulira chitsulo, za zojambula za m'mapanga a ku Chongoni zimene bungwe la UNESCO linazizindikira mu 2006, amazidutsa ndi chiganizo chimodzi. Ndinalowapo m'nyumba ina yosungiramo zakale momwe ng'oma inatsekeredwa m'galasi, fumbi lili mbuu, palibe woiimba ngakhale wofotokoza kuti inkalira pa mwambo wanji. Ana analowa mwakachetechete natuluka osafunsa kanthu.

Wina asaganize kuti ku POLIN amathira shuga pa zowawa. Mu 2018 anachita chiwonetsero cha zimene zinachitika mu Malichi 1968, pamene boma la chikomyunizimu la Poland lomwe linasonkhezera chidani mpaka Ayuda pafupifupi 13,000 anachoka m'dziko lawo lobadwira, atalandidwa unzika. Andale ena a ku Poland sanakondwe nacho, koma anthu anakhamukirako. Ndipo chaka chilichonse pa 19 Epulo, kuyambira mu 2013, achinyamata odzipereka amaima m'misewu ya Warsaw kugawira odutsa timaluwa tachikasu ta pepala toti amangirire pachifuwa. Mwambowu unachokera kwa Marek Edelman, mmodzi mwa atsogoleri a kuukira kuja amene anapulumuka, nakhala dokotala wa mtima ku Łódź. Iye ankasiya maluwa achikasu pa chipilala chija chaka ndi chaka mpaka pamene anamwalira mu 2009. Ambiri mwa ogawa maluwawo si Ayuda. Ndi ana a sukulu amene anaphunzira kuti anthu amenewa anali anansi a agogo awo.

Inu abale amene muli ku Britain, ku Ireland ndi kwina ku Ulaya, Warsaw si kutali. Mukapeza mpata pitani, mutenge ndi ana. Mupatule tsiku lathunthu, muyambire chipinda choyamba osathamangira cha nkhondo, ndipo ngati madzulo ake kuli nyimbo, gulani tikiti mukhale pansi mumvere.