CHENJEZO: Agogo a ku Wenela akutha, afunseni lero

Kwa mabanja onse amene muli ndi gogo pakhomo, makamaka amene anakagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni: musazengereze. Anthu amenewa akutha, ndipo mbiri ya banja lanu ikulowa nawo m'manda.

Tawerengani zaka. Ndege ya Wenela, bungwe lotenga anthu kupita ku migodiko, itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha anthu oposa 70, Kamuzu analetsa ulendo wa ku migodi. Pambuyo pake anthu anayambanso kupita kudzera ku bungwe la Theba, mpaka khomo linatsekeka mu 1988. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 chaka chimene ndegeyo inagwa, lero wapitirira zaka 70. Nanga amene anaona njala ya 1949 ndi maso awo? Atsala owerengeka.

Pamaliro mpomwe manyazi amatigwira. Wowerenga mbiri ya malemu amaimirira ndi kapepala, kunena chaka chobadwa mokayikira, kutchula ana ndi zidzukulu, basi wakhala pansi. Mgodi umene bambo anagwirako, mudzi umene makolo awo anachokera, m'bale amene anatchona osabweranso, palibe akudziwa. Amene akanayankha ndi omwewo agona m'bokosimo.

Musadalire sutikesi ya pansi pa bedi. Chiswe chimadya zitupa ndi makalata mwakachetechete, ndipo namondwe wa Freddy mu 2023 anatisonyeza ku Chilobwe ndi ku Phalombe kuti nyumba ndi zonse za m'katimo zikhoza kupita usiku umodzi. Ku National Archives ku Zomba kumasungidwa makamaka mapepala a boma. Za mmene agogo anu anakumanirana musayembekeze kukazipeza kumeneko.

Foni muli nayo m'manja. Yalani mphasa, pemphani chilolezo, jambulani mawu. Funsani za mfunda, mayina a makolo, manda ali kuti, munda unabwera bwanji m'banja. Ndipo chonde, musalumphe agogo aakazi. Iwo ndiwo anatsala ndi ana ndi khasu amuna ali ku Joni, ndipo mzere wa mbumba amaudziwa pamtima. Akayamba kulira kapena kuimba, musawadule.

Mukajambula, tumizani kwa abale atatu kapena anayi, poti foni imabedwa. Mayinawo mulembenso m'kope.

Musadikire tchuthi cha Khirisimasi. Pitani kumudzi sabata ino, kapena imbani foni madzulo ano.