NSOMBA SIWERENGA LISITI

Abale anga m'magulu onse amene uthengawu ufike, mundipirire, ndi wautali. Amene ali pa ntchito ausunge, awerenge madzulo. Ndikulankhula ndi inu madoda a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene mwayamba kubwera kunyanja kuno Loweruka lililonse ndi ndodo zowedzera zonyezimira. Ndikulankhulanso ndi inu achinyamata a pagombe amene mwayamba kuwasirira mpaka kukatenga katapila kuti mugule zomwezo. Kuwedza kongosangalatsa mtima ine sindidana nako ayi. Chikundinyansa ndi kagulidwe kanu. Inu mumayambira m'sitolo, nyanja mumaikumbukira pomaliza. Chonsecho munthu amayenera ayambe wadziwa nsomba imene akufuna, madzi amene imakhala, chimene imadya, kenako apise m'thumba. Mukatembenuza dongosolo limeneli mumataya ndalama, izo ndi zanu sindilowererapo. Koma mumaphanso nsomba pachabe, ndipo apo ndiye nkhani yandipeza, chifukwa ine sukulu ndinaphunzira ndi ndalama ya nsomba za bambo anga kuno ku Nkhotakota.

Tiyambe ndi mavidiyo amene akukupusitsaniwo. Mzungu amene mumamuonera pa YouTube uja, waima pa boti lake n'kumaponya chule wapulasitiki m'maudzu, akusaka bass ya ku America. Ma lure ambiri amene adzaza m'masitolo anapangidwira nsomba imeneyo ndi madzi akumeneko. Kuno bass muipeza m'madamu, monga a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Trout nayo ili m'madzi ozizira a pa phiri la Zomba ndi ku Nyika. Ngati mukupita kumeneko, gulani za kumeneko, palibe mlandu. Koma kunyamula bokosi lonse la achule ndi nyongolotsi za labala n'kubwera nalo pa Senga Bay, eti mukufuna chambo? Aaa, madala, chambo chimadya tizomera ndi tizilombo ta m'madzi tosaoneka bwino ndi maso, chimachita kusefa madzi. Kuchiponyera lure yaitali ngati chikhatho kuli ngati kupatsa mbuzi fupa. Mukafuna nsomba za mtundu umenewo, makumba a m'mabango aja, kambedza kakang'ono ndi nyongolotsi zakwana, ndipo mwana wa Sitandade 4 wa nsungwi yake akuposani inu muli pompo ndi magalasi akuda.

Nsomba imene ingakupatseni masewera m'nyanja muno ndi ncheni. Ameneyo ndi mlenje, amathamangitsa usipa ndi utaka pamadzi oyera. Ndiye funso lake n'losavuta: m'bokosi lanulo, n'chiyani chikufanana ndi usipa? Ka spoon kasiliva, kowonda, kotalika ngati chala, kolemera magalamu 10 mpaka 20. Basi. Kaponyeni mbandakucha kapena dzuwa likamapendeka, kapena kakokeni pang'onopang'ono kumbuyo kwa boti. Makolo athu akhala akukola ncheni ndi usipa weniweni pa mbedza kuyambira kale, ndipo kachitsuloko kakungotsanzira zomwezo. Ma lure 40 a mitundu ya utawaleza aja akola inuyo, ndipo wawedza ndi mwini sitolo.

Kampango ndi nkhani ina. Amakhala pansi, m'miyala, amasaka kwambiri usiku, ndipo chakudya amachipeza ndi ndevu zake zija ndi fungo. Kunyezimira kwa lure alibe nako ntchito. Amafuna nyambo yeniyeni, mtovu woifikitsa pansi, mbedza yolimba ndi chingwe chopirira makilogalamu 12 kapena 15, chifukwa akangomva kulasa amathamangira kuphanga. Bombe ndiye kuposa pamenepo. Ndodo yopyapyala ya ncheni mukaipititsa kumeneko mubwerako ndi zidutswa ziwiri.

Chenjeraninso ndi mayina. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mukamva akuti mcheni, akunena tigerfish, chilombo cha mano ngati macheka. M'nyanja muno mulibe, chifukwa mathithi a mu Shire, kuyambira pa Kapichira kukwera, amaitsekereza kumunsi. Imeneyo imadula nayiloni ngati ulusi, ndiye kutsogolo kwa chingwe pamafunika kawaya kotalika ngati dzanja. Koma kawaya komweko mukakamangira ncheni wa m'nyanja, m'madzi oti pansi mukuona mchenga, mwangomuchenjeza. Dzina limodzi, zida ziwiri. Wa m'sitolo sangakuuzeni zimenezi, mwina nyanja anaiona kamodzi pa ulendo wa sukulu.

Tsopano NDODO. Pafupi ndi chogwirira pamalembedwa manambala, ndipo ambiri a inu simunawawerengepo. Pakalembedwa 10-30g, ndiye kuti ndodoyo imaponya bwino nyambo yolemera magalamu 10 mpaka 30. Mukaikapo yopepuka siipita patali, mukaikapo yolemera nsonga ithyoka. Ya mamita 2.1 kapena 2.4 ikwanira ncheni, mpasa ndi bass yomwe. Koma ndaona ndi maso angawa bambo wina atatsika galimoto ndi chindodo cha mamita 4 cha ku nyanja ya mchere, chija amaponyera pa gombe ku Durban, n'kukwera nacho bwato la anthu atatu. Wopalasa anakhala tsiku lonse akuwerama ngati ali m'tchalitchi kuopa kukoledwa khutu. Atabwerako chimanjamanja anati nyanja yatha nsomba. Anakagula kampango pa doko, n'kujambulitsa atamukweza pafupi ndi ndodo ija.

REEL, chokulungira chingwe chija, ndi pamene mumaberedwa kwambiri. Pa bokosi alemba ma bearing 12, golide mbali zonse, inu mtima dyokodyoko. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chofunika pa reel ndi drag, kaja kamalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu kuti chisaduke. Musanalipire, auzeni akulungemo chingwe, mumange drag pang'ono, mukoke ndi dzanja. Chikamatuluka mosalala, gulani. Chikamatuluka modukizadukiza ngati minibasi yotha mafuta, isiyeni ngakhale ikhale yokongola bwanji. Saizi 2500 mpaka 4000 yakwana, zazikulu kuposa apo ndi katundu wongolemetsa mkono. Kunyumba yesani chonchi: ngati chingwe chanu ndi cha makilogalamu 6, mangirirani botolo la malita 2 lodzaza madzi, munyamule pang'onopang'ono. Drag iyambe kulola botololo likangoti linyamuke. Kumanga drag mpaka kumapeto ndi kumene kumadula zingwe zanu, osati kukula kwa nsomba kumene mumakanena ku bala. Ndipo reel musaigoneke pamchenga. Mchenga wa pagombe ukalowamo, sabata ziwiri zokha imayamba kulira ngati chigayo.

CHINGWE ndiye mumachinyoza, chonsecho ndi chokhacho chimene chimakulumikizani ndi nsomba. Munthu wawononga malipiro a mwezi wonse pa ndodo ndi reel, kenako akuti "ndipatseni chingwe chilichonse chotchipa." Nayiloni imafooka ndi dzuwa. Imene yakhala pa windo la sitolo chaka chonse yafa kale, ingoduka pa mfundo. Kokani kachidutswa ndi manja musanagule, ndipo yanu muziisintha chaka chilichonse. Pomanga mfundo nyowetsani ndi malovu, youma imadzipsereza yokha. Braid, choluka chija, n'chowonda, n'cholimba, sichitamuka, koma chikakhudza mwala wakuthwa chimaduka msanga, ndipo m'madzi oyera chimaoneka. Ngati mwagula chimenecho, lumikizani kutsogolo mita imodzi ya nayiloni kapena fluorocarbon.

Apa ndi pamene nkhani yasiya kukhala ya thumba lanu. Chingwe chikaduka, nsomba imapita ndi lure kukamwa, ndipo imatha kulephera kudya n'kukafera pansi. Chingwe chikapotana mumachidula n'kuchiponya m'madzi, ndipo nayiloni siwola. Imakola miyendo ya mbalame za m'nyanja, imazenga injini za maboti, imacheka ana athu posambira. Ukonde wa monofilament ndi woletsedwa m'dziko muno, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chomwechi, ukatayika umapitiriza kupha. Msodzi akapezeka nawo amalandidwa. Inu mukutaya ulusi wa mtundu womwewo, kungoti wanu wabwera pa galimoto.

Ena mumanyadira chingwe chopyapyala kwambiri, eti ndiye ukatswiri, kulimbana ndi nsomba mphindi 20. Kenako mumaijambula, kuipsompsona, kuibweza m'madzi n'kulemba pa Facebook kuti ndinu osamala chilengedwe. Nsomba yotopa chotero nthawi zina sipulumuka. Imapita mozandima, mawa ife timaipeza itayandama. Ngati cholinga ndi kuibweza, sankhani chingwe choti muifikitse msanga. Lure ya mbedza za mano atatu ziwiri ili ndi nsonga 6: imodzi kukamwa, ina m'diso, ina mopumira. Chotsani zimenezo, ikani mbedza imodzi, ndipo kamnga kobwerera kaja kafinyeni ndi pulayala. Nyowetsani manja musanaigwire, zala musazilowetse mopumira. Ndipo imene mwaikoka pansi pakuya, thumba lake la mpweya litafufuma, kuibweza ndi chinyengo. Imeneyo yafa, kadyeni, ndipo mukakwanitsa ndiwo lekani.

Mpasa ndiye umandipweteka mtima kwambiri. Nsomba imeneyi kwawo ndi nyanja yino ndi mitsinje yake basi, dziko lina lililonse lakutali mukaifuna simuipeza. Mvula ikagwa imakwera mitsinje monga Bua, Linthipe ndi North Rukuru kukaikira mazira pa timiyala. Yachepa kale chifukwa mitsinje yadzaza matope ndipo anthu amaitchinga pa mathiriro. Ka spinner kakang'ono kapena spoon imaluma bwino, n'chifukwa chake mumaikonda. Koma waukazi wodzaza mazira mukamuika mu cooler box, mwanyamula mpasa wa zaka zikubwerazi. Bua amadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene kuyambira 2015 ikuyang'aniridwa ndi African Parks, ndipo mmenemo simungoponya mbedza popanda chilolezo. Kunja kwa nkhalango kulibe mlonda, kuli chikumbumtima chanu chokha. Malamulo amati mpasa wosafika masentimita 30 ndi chambo chosafika masentimita 15 sizotengedwa. Pa ndalama zonse mwawonongazo, tepi yoyezera munagula? Ku Cape Maclear nako, madzi a mamita 100 kuchokera pa gombe la malo a Lake Malawi National Park ndi otetezedwa. Mbuna zija ndi zoonera, musaziyesere ndodo yatsopano.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Ena muti ndi nsanje, mwana wa msodzi alibe ndalama yogulira zida. Ndakuuzani kuti mugule ndodo imodzi yabwino, reel imodzi ya drag yosalala, chingwe chatsopano, ma spoon atatu ndi mbedza zingapo. Wansanje amakuuzani zokupulumutsirani ndalama? Ena muti amene akutha nsomba ndi asodzi a kwanu omwe, ndi maneti a udzudzu ndi makoka a maso ang'onoang'ono. Zoona, alipo, ndipo ndimakangana nawo pa doko maso ndi maso, iwo akudziwa. Koma amene uja akokera neti ya udzudzu ana ake akagona ndi njala. Inu mwabwera mutakhuta, kudzasewera. Wosewera ndiye ayenera kukhala woyamba kusunga mwambo, chifukwa akabweza nsomba palibe mwana amene agone ndi njala kwawo.

Ndipo musaganize kuti kusamala nsomba mwabwera nako ndinu. Pitani ku Salima mukafunse za chilumba cha Mbenji. Kuyambira zaka za m'ma 1950, ufumu wa a Makanjira umatseka usodzi pa chilumbacho nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka April, kuti nsomba ziswane, ndipo wophwanya mwambo amathamangitsidwa. Anthu amenewo analibe YouTube. Boma nalo limatseka makoka kuyambira pa 1 November chifukwa chambo chimakhala chikuswana, ana chitawafungatira m'kamwa. Miyezi imeneyo bambo anga ankapachika zida, ife n'kumadya nsima ya masamba nyanja tikuiona. Ndiye wina abwere nyengo yomweyo ndi boti la injini, nyimbo zili pamwamba, kumadutsa pamene chambo chakumba zisa, chifukwa choti yake ndi ndodo osati khoka? Mukatero musadabwe anthu a pagombe akamakuyang'anani ndi diso lofiira.

Ndiye musanapitenso ku sitolo, bwerani kaye chimanjamanja. Fikani pa doko m'mawa maboti akamakocheza, perekani moni, funsani a komiti ya pagombe, a BVC, kuti malamulo a pano ndi otani, ndipo za chiphaso mukafunse ku ofesi ya Fisheries. Pezani mkulu mmodzi wa imvi, mumufunse kuti ncheni akudya kuti mwezi uno, pa kuya kwanji, mwera ukaomba amasunthira kuti. Safunsa anadya phula. Mukamutenga pa boti mumulipire ngati mphunzitsi, osati kumutaira zotsala za m'botolo, chifukwa chimene ali nacho m'mutu simungachipeze pa shelefu iliyonse ku Area 47 kapena ku Limbe. Mukatero mudzaona kuti theka la zimene munafuna kugula n'zosafunika.

Inu achinyamata a kwathu, katapila wa reel ya golide musatenge. Nyanja mukuidziwa kale, chimene alendowa akusowa ndi chomwecho.

Tumizani uthengawu kwa mlamu wanu uja wa bokosi la achule, ndi m'magulu onse a anthu owedza. Amene zamuwawa asalimbane ndi amene wamutumizira, abwere ku Nkhotakota tidzakambirane pamchenga. Abwere ndi thumba lotoleramo zingwe zimene anataya ulendo watha.