SEKANI, KOMA SUNGANI MAU ONSE

Masiku ano wandale akaimirira pa nsanja kukopa anthu, salankhula kwa okhawo amene akhala pansi pa mtengo kumumvetsera. Pagulupo sipalephera kukhala mnyamata amene wakweza foni m'mwamba. Lilime likangoterereka pang'ono, dzuwa lisanalowe mauwo afika kale ku Lusaka ndi ku Kitwe, ndipo m'mawa mwake abwerera kuno ku Nyimba ndi ku Petauke atavekedwa kanyimbo ndi cithunzi coseketsa. Acinyamata cinthu cimeneci amacichula kuti meme. Ngakhale m'midzi ya kwa Mwape kumene netiweki ndi yovuta, tumavidiyo totere timafika ndithu. Wina akapita ku boma kukagulitsa nthoci amabwera nato m'foni, ndipo madzulo mudzi wonse uli m'phwete.

Ife sitidana ndi kuseka. Anthu amene saloledwa kuseka atsogoleri ao ndi anthu a mantha, ndipo dziko la mantha silipita patsogolo. Nkhawa yathu ndi yakuti tikungoseka zonse mofanana, osasiyanitsa pakati pa munthu amene waphunthwa lilime ndi munthu amene watilonjeza cinthu. Ziwirizi ndi zosiyana, ndipo mlimi amene sazisiyanitsa amaponya voti yake m'madzi.

Tiyeni tione mmene kavidiyo kotere kamabadwira. Wandale walankhula ola lathunthu. Wina adulapo mau a masekondi khumi, n'kutaya zimene zinali kutsogolo ndi zimene zinatsatira. Wina aikapo nyimbo, wina alembapo mau onyoza. Makina a Facebook ndi TikTok anapangidwa kuti azionetsa anthu ambiri cinthu cimene ena acionerera mpaka kumapeto ndi kucitumiza kwa anzao. Motero coseketsa ndi cokwiyitsa cimathamanga, pamene mau ofotokoza za mijigo, milatho ndi mankhwala m'cipatala amatsala pa bwalo pomwe ananenedwera. Pakatha sabata, anthu amene sanapezeke pa msonkhanowo ndiwo amaudziwa koposa, koma akudziwa masekondi khumi cabe. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Zimenezi sizinayambe ndi ife. Pa 19 Januwale 2004, ku Iowa m'dziko la America, a Howard Dean amene anali kufuna kuimira cipani ca Democratic pa mpando wa mtsogoleri wa dziko, anamaliza mau ao ndi mfuu yosasa mau polimbikitsa owatsatira. M'holomo munali phokoso lalikulu, koma maikolofoni imene anagwira inali yotola mau a wolankhula yekha. Anthu oonerera kunyumba anaona munthu akukuwa yekhayekha ngati wazungulira mutu. Mawailesi a kanema anaulutsa mfuuyo nthawi 633 m'masiku anai, ndipo pa intaneti anthu anaisandutsa nyimbo. N'zoona kuti a Dean anali atatsalira kale pa nambala 3 ku Iowa, koma patatha mwezi umodzi anasiya mpikisano, ndipo mpaka lero ambiri amawakumbukira cifukwa ca mfuuyo, osati zimene anali kufuna kucitira anthu. Apo n'kuti YouTube kulibe.

Kwathu kuno citsanzo ticidziwa bwino. A Michael Sata atamwalira mu Okutobala 2014, malemu a Edgar Lungu, amene makolo ao anacokera ku Petauke, anaima pa tikiti ya PF. Pa nthawi ya kampeni ananena kuti alibe masomphenya aoao, koma adzapitiriza masomphenya a Sata. Theka loyamba la mauwo ndilo linathamanga. Theka laciwiri linatsala m'mbuyo. Dzina lakuti munthu wopanda masomphenya linawamatirira zaka zonse za ulamuliro wao. Komabe pa cisankho ca 20 Januwale 2015 anapambana ndi mavoti 27,757 pamwamba pa a Hakainde Hichilema. Amene anali kuseka anaona ngati nthabwala yawagwirira nchito, ndipo amene anali kuwakonda anati mdani wapotoza mau. Pakati pa magulu awiriwa funso lenileni linasowa wolifunsa mokwanira: masomphenya a Sata amene mukuti mudzapitiriza ndi ati, ndipo ndalama zake zidzacokera kuti? Funso limeneli linali lofunika, pakuti mu Novembala 2020 dziko lathu linalephera kulipira ngongole zake zakunja.

Mtundu wina wa kavidiyo ndi uja wosunga lonjezo. Cisankho ca 2021 cisanacitike, a Hichilema ananena kuti akalumbiritsidwa 10 koloko m'mawa, pofika 2 koloko masana kwaca idzakhala itapeza mphamvu. Mau akuti "14 hours" anasanduka mwambi wa m'tauni. M'masabata ozungulira cisankhoco dola inatsikadi kucoka pa K22 kufika ca m'ma K16, ndipo owatsatira ndiwo anali kutumizirana kavidiyoko monyadira. Mu 2024 dola itapitirira K27, kavidiyo komweko kanatulukanso, koma tsopano m'manja mwa otsutsa. Mu 2025 kwaca itayambanso kulimba, kanabwerera kwa eni ake oyamba. Mau ndi amodzimodzi, osintha ndi ogwira foni.

Koma kwa mlimi mau amene amakhudza m'thumba ndi aja a fataleza wa K250 pa thumba ndi unga wa K50. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, thumba la fataleza m'masitolo linafika ca m'ma K1,000, ndipo m'caka ca cilala ca 2024 thumba la unga la makilogalamu 25 linapitirira K300. Boma lili ndi zifukwa zake zimene limapereka, ndipo zina ndi zomveka: nkhondo sitinaiyambe ife, mvula sailamula munthu. Koma wolonjeza mtengo amayenera kudziwa kuti mitengo siili m'manja mwake yekha. Apa tikuti foni yatithandiza. Kale wandale anali kukana kuti sananene, ndipo mboni zinali kungoyang'anana. Lero mau ake ali m'thumba mwa mwana wa sukulu. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo anansi athu a ku Malawi anaonetsa zimenezi mu Seputembala 2025 pamene anacotsa pa mpando a Lazarus Chakwera, amene mu 2020 analonjeza nchito 1 miliyoni.

Ndiye kusiyana kwake ndi kumeneku. Kavidiyo ka lilime loterereka kamatiuza zocepa za munthu. Tiseke n'kukhululuka, pakuti anyani sasekana zikundu. Ndani wa ife sanasokonezepo mau powerenga m'chalichi kapena polankhula pa maliro? Koma kavidiyo ka lonjezo ndi lisiti. Kameneko sikofunika kuseka cabe, koma kusunga ndi kukatulutsa tsiku limene mwini mau adzabweranso kudzapempha voti.

Pali zinthu zitatu zimene tikuopa ngati tipitiriza kusakaniza ziwirizi. Coyamba, amene amasekedwa kwambiri ndi uja amene Cizungu cimamuvuta. Mai amene wayendetsa bwino kopaletivu zaka khumi, wodziwa mlatho uliwonse umene umakokoloka m'dzinja, angaope kuima pa ukhansala poopa kusanduka coseketsa ca dziko lonse. Mpando n'kutengedwa ndi wa pakamwa posalala amene sadziwa kumene njovu zimadyera cimanga ca anthu. Kudziwa Cizungu si nzeru, ndipo ofuna mipando tikuwalimbikitsa kulankhula Cinsenga ndi Cinyanja mosacita manyazi. Caciwiri, andale ena aona kuti kusekedwa n'kuchuka, ndipo ayamba kucitira dala: kuvina, kutukwana ndi kunyoza mitundu ya anzao kuti foni ziwatole. Tikawatumiza kwa anzathu, tikuwagwirira kampeni yaulere. Cacitatu, makompyuta a masiku ano akutha kupanga mau ndi nkhope ya munthu, n'kumunenetsa zimene sananene. Wotumiza cinthu cotere asanacifufuze wacita umboni wonama, ngakhale kuti wangodina ndi cala.

Kwa boma, la cipani ciliconse, mau athu ndi awa: mankhwala a nthabwala si ndende. Tinayamikira mu Disembala 2022 pamene lamulo loletsa kunyoza mtsogoleri wa dziko linacotsedwa. Koma sitinaiwale kuti pa 12 Ogasiti 2021, tsiku loponya voti, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa. Sitinaiwalenso kuti malamulo atsopano a za intaneti a mu Epulo 2025 anadandaulitsa ambiri, kuphatikizapo bungwe la maloya la Law Association of Zambia. Wopeka bodza loononga mbiri ya munthu ayankhe mlandu, koma wobwereza mau amene mtsogoleri ananenadi ndi pakamwa pake asagwidwe. Mtsogoleri amene safuna kuti mau ake amutsatire aziyamba wawayeza asanawatulutse.

Kwa inu awerengi athu, m'mipingo, m'makopaletivu ndi m'magulu a azimai, tikupempha zinthu zosavuta. Mukalandira kavidiyo, funsani kuti kanajambulidwa liti, kuti, ndipo mau otsala ali kuti. Ngati wotumizayo sadziwa, kasiyeni kagone m'foni mwanu; kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofuna mpando akabwera m'mudzi, pitani mukamve nokha, ndipo amene ali ndi foni ajambule zonse, osati pokhapo pamene munthu watsokomola. Mlembi wa gulu alembe m'buku malonjezo onse, tsiku lake ndi dzina la wolonjeza, monga mmene timalembera ngongole za mbeu. Mawailesi a m'madera athu nawonso aziulutsa mau athunthu ndi kupatsa anthu mpata wofunsa.

Ndipo mafunso alipo ambiri. Ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo zinakweranso zaka zotsatira. Kodi kwa Mwape zagwira nchito yanji? Fataleza wa FISP adzafika mvula isanagwe? A FRA adzalipira liti cimanga cimene atenga? Msewu wopita ku cipatala udzapitika m'mwezi wa Febuluwale? Wandale amene angayankhe mafunso awa momveka, ngakhale acite cibwibwi, ndiye woyenera kumuchera khutu. Amene angawazembe, ngakhale atiseketse mpaka nthiti kuwawa, abwerere ndi nthabwala zake, voti yathu itsale.