Tikiti ya pafoni ingafike ku Neno, koma oyimba ayenda pamsewu uti?

Bizinesi yogulitsa matikiti a zamsangulutso komanso kulumikiza oyimba ndi okonza maphwando kudzera pa intaneti yayamba kuzika mizu m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Makampani a Amalawi monga Kwenda, yomwe imagulitsa matikiti, ndi PayChangu, yomwe imathandiza mabizinesi kulandira ndalama pa intaneti, achititsa kuti okonda nyimbo azilipiriratu malo awo ali khale kunyumba. Chomwe sichinadziwike n'chakuti ntchitoyi ingapindulire motani maboma a kumidzi monga Neno, komwe zosowa za anthu n'zosiyana ndi za m'tauni.

Ambiri amaganiza kuti bizinesi yotere imangofuna kompyuta ndi tsamba lokongola. Koma ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi yosamala ndalama za eni ndi kusunga chikhulupiriro. Asanalengeze phwando, ogwira ntchito amayenera kutsimikiza kuti malo alipiridwadi ndiponso kuti woyimba yemwe ali pachithunzi wavomeradi kubwera. Kenaka amafananitsa ndalama zolowa pa Airtel Money, TNM Mpamba ndi kubanki ndi matikiti omwe atuluka, n'kumayankha madandaulo a anthu omwe ndalama zawo zadulidwa koma tikiti sinafike. Tsiku la phwando amaima pakhomo kuonetsetsa kuti tikiti imodzi isalowetse anthu awiri. Phwando likalephereka, ntchito yowawa yobweza ndalama imagweranso iwowo.

Neno, yemwe adakhala boma paokha m'chaka cha 2003 atapatuka ku Mwanza, anali ndi anthu oposa 138,000 pa kalembera wa 2018. Ambiri mwa anthuwa ndi alimi a chimanga, mbatatesi ndi manachesi m'madera a mafumu Dambe, Chekucheku, Mlauli ndi Symon. Zamsangulutso m'bomali zilipo ndithu, koma zimaonekera kwambiri pa maukwati, zinkhoswe, mikumano ya makwaya ndi masewero a mpira. Choncho wofuna kupanga malonda kumeneko ayenera kudziwa kuti chosowa chachikulu si tikiti ya phwando lalikulu ngati Sand Music Festival kapena Lake of Stars, koma njira yodalirika yopezera DJ, zokuzira mawu, tenti ndi wojambula zithunzi pa tsiku lomwe mwagwirizana.

Apa ndiye pali phindu lenileni la intaneti. Mikangano yambiri pakati pa oyimba ndi okonza maphwando m'dziko muno imabuka chifukwa mgwirizano umakhala wapakamwa. Wokonza phwando amaopa kupereka ndalama yachikole kwa woyimba yemwe mwina safika, pomwe woyimba amaopa kuwononga mafuta kupita komwe sakalipidwa. Kampani yomwe ingasunge chikolecho pakati, n'kuchipereka ntchito ikagwirika, ingathetse mantha a mbali zonse ziwiri. Kugulitsiratu matikiti kumamuuzanso wokonza phwando kuchuluka kwa anthu omwe abwere asanalowe m'ngongole.

Komabe ndalama imayenda pafoni m'kamphindi, pomwe ng'oma, magitala ndi zokuzira mawu zimafuna lole. Zalewa ndi Lisungwi n'kosavuta kufikako chifukwa ali pafupi ndi misewu ya M1 ndi M6. Kukwera kupita pa boma la Neno ndi nkhani ina: msewu wake anthu akhala akuudandaula kwa zaka zambiri, ntchito youika phula yakhala ikuchedwa, ndipo nyengo ya mvula galimoto zimavutika. Pamwamba pa izo, kugwa kwa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 komanso kusowa kwa mafuta komwe kwakhala kukubwerezabwereza kwakweza mtengo wa ulendo uliwonse. Gulu la Black Missionaries la ku Chileka ladziwika chifukwa choyendera maboma, koma gulu lililonse loyenda motero limawerengera kaye ngati ndalama za pakhomo zingabweze za mayendedwe.

Magetsi ndi vuto lina. Malo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani ali pa mtsinje wa Shire m'malire a Neno ndi Blantyre, koma makomo ambiri m'midzi ya bomali alibe magetsi. Phwando la kumudzi limadalira jenereta, nayo jenereta imadalira mafuta omwewo. Tikiti yomwe imafuna foni yamakono ndi netiweki yamphamvu pakhomo ingasiye anthu ambiri panja. Njira yoyenera maderawa ndi tikiti yobwera ngati uthenga wamba wa pafoni, yogulika kudzera mwa maejenti a Airtel Money ndi Mpamba omwe anthu amawadziwa kale m'misika yawo.

Malamulo nawo sayang'ana kukula kwa bizinesi. Bungwe la COSOMA, lomwe limateteza umwini wa ntchito zaluso motsatira lamulo la Copyright la 2016, limapereka ziphaso kwa oimba kapena oulutsa nyimbo pagulu, ndipo kampani yolumikiza ma DJ ndi makasitomala ingathandize kuti alembi a nyimbo alandire gawo lawo. Lamulo la Data Protection la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, likulamula aliyense wosunga mayina ndi manambala a anthu kuti azisamala. Izi n'zofunika m'dziko momwe akamberembere amatumiza mauthenga abodza pafoni kuti abe ndalama. Munthu wa ku Neno akangopusitsidwa kamodzi ndi tikiti yachinyengo, mudzi wonse ubwerera kolipira ndalama pamanja.

Mwayi ukubwera ndithu. Mu May 2025, World Bank idavomereza thandizo la madola 350 miliyoni a dziko la America ku ntchito yomanga malo opangira magetsi a Mpatamanga, omwe adzatulutse mamegawati 358 pa Shire pakati pa Neno ndi Blantyre. Ntchito yotere imabweretsa antchito olandira malipiro, malo ogona ndi malo achisangalalo. Ngati makampani a pa intaneti adzangotengerako oyimba a m'tauni, ndalama zambiri zidzabwerera m'tauni momwemo. Koma akadzalemba m'kaundula wawo makwaya, magulu a magule, ma DJ ndi eni zokuzira mawu a m'bomali, pamodzi ndi mitengo yawo, ena mwa iwo angayambe kuitanidwa ngakhale ku Blantyre.

Khonsolo ya Neno ili ndi gawo lake: kudziwa aluso omwe ali m'bomali, kukonza maholo oti azibwerekedwa pa mtengo wodziwika, ndi kupitiriza kukumbutsa boma za msewu. Nawo eni makampani afunika kuika munthu wawo pamalopo, woti wodandaula akamuone maso ndi maso. Akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Kwa wokonza ukwati ku Neno, bizinesi ya pa intaneti idzakhala yaphindu tsiku lomwe DJ yemwe adamulipirira pafoni adzafike pa nthawi yake, jenereta ili ndi mafuta.