Chikalata cha Osamalira Odwala kwa Tengani pa za Matenda Osokoneza Mutu Mofulumira

Kwa Mfumu Yaikulu Tengani, magulupu ndi anyakwawa, atsogoleri a mipingo, a zaumoyo, ndi mabanja onse a m'dera lino.

Ife a gulu loyendera odwala m'makomo talemba chikalata ichi pa za munthu wamkulu amene mutu wake wasokonekera m'masabata kapena miyezi yochepa. Kuiwala kwa ukalamba kumabwera pang'onopang'ono, zaka ndi zaka. Koma gogo amene pa Khirisimasi ankapita yekha kudimba, pofika Pasaka sakuzindikira ana ake, akuyenda dzandidzandi ndipo thupi likumadzidzimuka lokha, ameneyo akudwala. Apite naye kuchipatala msanga.

Amodzi mwa matenda oyamba chonchi ndi a Creutzfeldt-Jakob, mwachidule CJD. Dzinali ndi la madokotala awiri a ku Germany, Hans Creutzfeldt ndi Alfons Jakob, amene analemba za odwala otere mu 1920 ndi 1921. Matendawa sayamba ndi kachilombo ngati malungo kapena TB. Muubongo wa munthu aliyense muli puloteni ina yabwinobwino. Imodzi ikapindika molakwika imapinditsanso zinzake, mpaka ubongo umachita timabowotimabowo ngati siponji. Stanley Prusiner wa ku America anaitcha puloteni yolakwikayi prion mu 1982, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1997. Pa odwala 100, pafupifupi 85 matendawa amangowayamba okha, kawirikawiri atapitirira zaka 55. Ena ochepa amatengera kumtundu. Mankhwala ochiza palibe, ndipo ambiri amamwalira chaka chisanathe.

CJD ndi yosowa kwambiri: munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 1 miliyoni pa chaka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 300,000 m'boma lonse la Nsanje. Powerengera chonchi, boma lathu likhoza kutha zaka ziwiri kapena zitatu lisanaone wodwala ngakhale mmodzi. Choncho mwa anthu amene mutu wawo wasokonekera mofulumira kuno, ochuluka zedi akudwala china, ndipo zambiri mwa zinazo zimachizika.

Ndiye chifukwa chake dokotala wanzeru satchula CJD poyamba. Amayeza HIV, malungo, shuga ndi chindoko, chimene chikakhalitsa chimalowa muubongo. Amafufuza matenda oumitsa khosi, makamaka a TB ndi a cryptococcus amene amagwira anthu amene chitetezo chawo chatsika. Amafunsa za kachasu, za kugwa kapena kumenyedwa m'mutu, za kulumidwa ndi galu, ndi za mankhwala amene wodwala akumwa, achizungu ndi achikuda omwe. Amaonanso khungu. Akuluakulu a kuno akukumbukira za pellagra amene anabuka pakati pa abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique: mu 1990 anthu oposa 17,000 anadwala kummwera kwa dziko lino mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Khungu linkada ndi kusweka m'khosi ndi m'manja, m'mimba kutsegula, mutu kusokonekera. Mankhwala ake ndi vitamini wotchipa wotchedwa niacin. Nkhalamba imene madzi osefukira aikokolera mbewu n'kumangodya nsima yopanda ndiwo zenizeni ikhoza kudwala chimodzimodzi lero.

Zonsezi zikapanda kupezeka, m'pamene CJD imaganiziridwa. Makina a MRI amajambula ubongo n'kuonetsa malo amene awonongeka. EEG imayeza mphamvu ya magetsi ya muubongo, ndipo mwa odwala ambiri imaonetsa kugunda kobwerezabwereza kodziwika. Madzi a mumsana amayezedwa puloteni yotchedwa 14-3-3, ndipo m'malabotale akuluakulu a kunja muli njira ya RT-QuIC imene imapeza prion yeniyeniyo. Chitsimikizo chenicheni chimabwera poyeza ubongo munthu atamwalira. MRI yoyamba m'dziko muno inafika ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre mu 2008. Kuchoka kwa Tengani ulendo wake ndi wodutsa Bangula, Ngabu, Nchalo ndi Chikwawa, kenako kukwera zitunda, uli ndi wodwala wosatha kukhala tsonga. Tikudziwa kuti mabanja ambiri sangakwanitse. Koma zoyeza zoyambirira zija, zimene zimapulumutsa moyo, sizilira ulendo wa ku Blantyre.

Tinenepo pa za madzi a mumsana, poti apa m'pamene mabanja amathawitsa odwala m'chipatala usiku. Anthu amati wotengedwa madzi a mumsana sachira. Zoona zake n'zakuti ambiri amafika matenda atakula kale, ndipo imfa ikabwera mlandu umagwera singano. Kwa wodwala cryptococcus, kuchotsa madziwo kumachepetsa kuthina kwa m'mutu ndipo ndi gawo la chithandizo chake. Banja lokana kuyezaku limatseka njira yodziwira TB ya muubongo, imene mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma. Funsani dokotala mafunso onse amene muli nawo, koma musakane chifukwa cha zomva.

Gulu lathu likudzudzula mwamphamvu mchitidwe wotcha odwala otere afiti. Gogo wopezeka usiku pakhomo la eni, wosavala, akulankhula zosamveka, wasochera chifukwa ubongo wake ukudwala. Ngakhale atavomera ndi pakamwa pake kuti amatamba, mawu a munthu wosazindikira mwana wake si umboni. Mu January 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno powaganizira ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Anyakwawa, nkhani yotere ikafika pabwalo panu, itanani mlangizi wa zaumoyo musanamve mbali iliyonse.

CJD sifala pogwirana chanza, kudyera mbale imodzi, kutsokomola kapena kusambitsa wodwala. Ngozi ili pa ubongo ndi mtsempha wa mumsana, komanso pa zida za opaleshoni, poti prion siifa ndi kuwiritsa wamba. Kusamala zimenezi ndi ntchito ya achipatala. Mtundu wina wa CJD wochokera ku nyama ya ng'ombe unadziwika ku Britain mu 1996 ndipo unapha anthu 178 kumeneko. Ng'ombezo zinkadyetsedwa ufa wa nyama ndi mafupa a ziweto zinzake. Tikupempha kuti mphekesera zisawononge malonda a alimi a ng'ombe m'chigwa chino, ngakhale tikukumbutsa kuti nyama ya chiweto chofa chokha siyenera kudyedwa.

Kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma la Nsanje, pempho lathu n'lakuti wodwala wosokonekera mutu mofulumira ayezedwe thupi ndi magazi asanalembedwe kuti ndi wamisala n'kutumizidwa kuchipatala cha amisala ku Zomba, ndi kuti zoyezera chindoko ndi cryptococcus zipezeke m'zipatala zing'onozing'ono. Madokotala akaganiza kuti ndi CJD, auzeni abale zoona, m'Chichewa kapena m'Chisena, kuti asagulitse mbuzi ndi njinga pofunafuna mankhwala amene kulibe. Wodwalayo abwerere kwawo ndi mankhwala ochepetsa ululu ndi kudzidzimuka, ndipo omusamalira aphunzitsidwe kumutembenuza kuti asachite zilonda ndi kumudyetsa phala mosamutsamwitsa.

Kwa mabanja: popita kuchipatala, apite nawo munthu amene amakhala ndi wodwalayo tsiku ndi tsiku. Anene mwezi umene kusinthaku kunayamba, chimene chinayamba kuoneka, ndi mankhwala onse amene wamwa. Musaiwale buku lake la kuchipatala.

Komiti ya gulu loyendera odwala m'makomo
Tengani, Nsanje