Kuyambiranso moyo si kuiwala malemu

M'kope lino tikufuna tikambirane za filimu ina ya ku America yotchedwa Sleepless in Seattle, yomwe idatuluka m'chaka cha 1993 motsogozedwa ndi mayi Nora Ephron. Ambiri amaidziwa ngati filimu ya chikondi, koma ife tikuona kuti phata lake ndi nkhani ya munthu wofedwa.

Tom Hanks adasewera ngati Sam Baldwin, katswiri wojambula mapulani a nyumba mumzinda wa Chicago, yemwe mkazi wake Maggie wamwalira ndi khansa. Malo alionse mumzindamo akumukumbutsa malemuyo, choncho akutenga mwana wake Jonah n'kusamukira ku Seattle. Koma chisoni sachithawa ndi ulendo. Papita miyezi yambiri, Sam tulo sakupezabe. Usiku wa pa 24 Disembala, Jonah, mwana wa zaka 8, akuimba foni ku pulogalamu ina ya pa wailesi n'kunena kuti bambo ake akufunika mkazi wina. Sam akukakamizika kulankhula, ndipo akufotokoza mmene ankamukondera mkazi wake.

Mwa anthu omvera muli Annie Reed, mtolankhani wa ku Baltimore, gawo lomwe adasewera ndi Meg Ryan. Mawu a Sam akumukhudza mtima ngakhale ali kale pa chitomero ndi mwamuna wina. Pamapeto pake awiriwa akukumana pamwamba pa nyumba ya Empire State ku New York, pa 14 Febuluwale.

Chomwe filimuyi idalondola n'chakuti Sam sakufufuta Maggie mumtima mwake kuti apeze malo a mkazi wina. Annie wakopeka chifukwa chomva mmene bamboyu amalemekezera malemu mkazi wake. Apa mpomwe pali phunziro lathu: munthu angathe kulira wokondedwa wake moyo wake wonse, n'kukondanso wina popanda kulakwira aliyense.

Kodi kwathu kuno timawapatsa anamfedwa ufulu umenewu? Ambiri mwa ife tidataya amuna kapena akazi athu, makamaka zaka zomwe mankhwala a ma ARV adali asanayambe kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma m'chaka cha 2004. Tidaona mayi wamasiye akunyozedwa kuti wafulumira kukwatiwa, ena mpaka kumunena kuti ndiye adapha mwamuna wake. Tidaonanso bambo wofedwa akukakamizidwa kupeza mkazi msanga kuti ana apeze wowaphikira. M'madera ena mayi ankauzidwa kuti alowe chokolo kapena achite mwambo wa kulowa kufa iye asakufuna. Wina timamuchedwetsa, wina timamufulumizitsa, koma mwini wake sitimufunsa.

Malamulo a dziko lino ali kumbali ya namfedwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaika kulanda katundu wa masiye m'gulu la milandu, ndipo lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa miyambo yovulaza. Komabe lamulo palokha silingatseke pakamwa pa anthu amiseche. Imeneyo ndi ntchito yathu m'mabanja, m'mipingo ndi m'magulu othandizana.

Tsono pali pomwe tikusiyana nayo filimuyi. Ikuthera pomwe Sam ndi Annie agwirana manja, asanakhale pansi n'kukambirana chilichonse. Pa kanema izi n'zokoma, koma moyo weniweni umayambira pomwepo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Anthu awiri ofuna kumanga banja latsopano ayenera kuuzana zoona: za ana omwe aliyense ali nawo, za katundu yemwe malemu adasiyira anawo, komanso za thanzi lawo.

Kupita limodzi kukayezetsa magazi ndi kukalandira uphungu si kukayikirana ayi, ndi chikondi. Ndipo wopezeka ndi kachilombo ka HIV asaganize kuti khomo la banja latsekeka. Lero tikudziwa kuti munthu yemwe akumwa ma ARV mwandondomeko, mpaka tizilombo kuchepa kosaonekanso poyeza, sapatsira mnzake kachilomboka pogonana. Alipo mabanja omwe wina ali nako, wina alibe, ndipo akukhala mwamtendere.

Tisaiwalenso Jonah. Mwanayu adakwera ndege yekha kupita ku New York chifukwa ankaona kuti bambo ake sakumumvera. Ana nawonso ndi anamfedwa. Sitikunena kuti mwana asankhire kholo lake banja, koma auzidwe nthawi yabwino, afunsidwe maganizo ake, ndipo aloledwe kutchula dzina la mayi kapena bambo ake omwe adatisiya, ngakhale m'nyumba mwalowa munthu wina.

Kwa inu omwe mudafedwa, tikuti nthawi ndi yanu. Mukafuna kukhala nokha, palibe cholakwika. Mukafuna kuyambiranso, palibenso cholakwika, bola muyambe mukudziwa mmene m'thupi mwanu ndi mwa mnzanuyo muliri. Ndipo ife achibale, tikapita kukacheza kwa namfedwa, tiyeni tiyambe tamufunsa zomwe iye akufuna tisanamuuze zomwe ife tikuganiza.