Bangwe, timu yanu muisiyiranji munthu mmodzi?

Kawiri konse m'zaka zochepa, anthu a ku Bangwe avina kuti timu yawo yalowa mu Super League, ndipo kawiri konse kuvinako kwathera m'misozi. Ntopwa inalowa mu 2019, n'kutuluka mu 2021. Bangwe All Stars inalowa mu 2023, inavutitsa ndithu akuluakulu chaka chimenecho, koma pakutha pa 2024 nayo inatsika.

Ena akuti vuto ndi makochi, ena akuloza oyimbira. Ine ndikuti vuto ndi thumba.

Taganizani abale. Ligi ya matimu 16 ndiye kuti masewero 30 pa chaka, theka lake koyenda. Ulendo wa ku Karonga si wa ku Limbe ayi. Pafunika basi, mafuta, malo ogona ndi nsima ya anyamata oposa makumi awiri. Mnyamata akayamba kumwetsa zigoli, matimu a ndalama amutenga. Zonsezi zikagwera munthu mmodzi wabizinesi, tsiku limene malonda ake adzatsokomole, timu nayo idzagona pa mphasa.

Onani Blue Eagles. Inatuluka mu 2023, koma poti kumbuyo kwake kuli apolisi, sinabalalike. Mu 2025 inali itabwerera kale. Kugwa aliyense amagwa. Nkhani ili pa yemwe akudzutse.

Kampaninso si mankhwala osatha. MDC United inatenga ligi mu 1988, ESCOM United mu 2007. Lero mu Super League mukuwaonamo? Mwini ndalama akatembenuka, chikho sichilipira osewera.

Nanga Bullets ndi Wanderers bwanji sizinatulukepo chiyambire ligiyi mu 1986? Nazo zinaonapo njala othandiza atachoka, koma zili ndi anthu amene salola kuti dzina life.

Apa ndiye pali manyazi athu. Wa ku Bangwe, wa ku Ndirande, wa ku Chilomoni amalipira pa chipata kukaonera Maule kapena Manoma, koma timu ya kwawo, momwe mukusewera mwana wa mnansi wake, amafuna aionere ulere.

Inu a maokala, a minibasi, ogulitsa kaunjika mu Limbe, mumatha kusonkha chipereganyu mwezi ndi mwezi osaphonya. Chikukuletsani n'chiyani kukhala mamembala olipira a timu yanu? Inu ophunzira, mabuku a ndalama mungawasunge ndinu, ndipo aziwerengedwa poyera kuti wosonkha asadandaule.

Mutu umodzi susenza denga. Tikapanda kusintha, timu ina idzakwera, tidzavinanso, ndipo pakatha zaka ziwiri tidzakhala tikutukwana kochi wosalakwa.